Ndege Zotchipa Kapena za Makampani Akuluakulu: Musankhe Iti Musanagule Tikiti?

Munthu akatsegula foni kufuna tikiti ya ndege, maso amathamangira pa nambala yaing'ono kwambiri. Zimachitika kuti pa njira imodzi, tsiku limodzi, kampani ina ikutchula theka la mtengo wa inzake, ndipo mtima umangoti ndapeza. Musanalowetse manambala a khadi lanu la kubanki, dziwani kuti makampani awiriwo sakugulitsa chinthu chofanana. Kampani ya ndege zotchipa ikukugulitsani mpando wochoka pa bwalo ili kukafika pa bwalo ilo, basi. Kampani yaikulu, ija imaika zonse pa tikiti imodzi, ikukugulitsani lonjezo loti ikakutulani kumene mukupita, inu ndi katundu wanu, ngakhale zinthu zitasokonekera m'njira. Alipo maulendo amene mpando wokhawo ukukwanirani, ndipo kulipirira lonjezo kuja n'kumwaza ndalama. Aliponso maulendo amene kusowa kwa lonjezolo kungakudyereni ndalama zoposa zimene munapulumutsa.

## Zoyenera kuyeza

Choyamba ndi mtengo, koma wa ulendo wonse, kuchokera pakhomo pamene mukunyamukira mpaka pamene mukukagona: tikiti, katundu, mpando, chakudya ndi basi kapena sitima yokuchotsani ku bwalo la ndege. Chachiwiri ndi kupezeka: ndegeyo imapitadi kumene mukufuna, kangati pa mlungu, nthawi yanji, ndipo imatera pa bwalo liti? Chachitatu ndi chisamaliro, kutanthauza mmene thupi lanu likhalire m'ndegemo, zimene kampani ikuchitireni ndi zimene muyenera kudzichitira nokha. Chachinayi, chimene anthu ambiri amachikumbukira zinthu zitavuta kale, ndi chiopsezo: ndege ikachedwa, ikalephereka kapena katundu akasowa, mtolowo ausenze ndani?

Chitetezo cha m'mlengalenga sindinachiike pa mndandandawu, ndipo ndachita dala. Ambiri amaopa kuti ndege yotchipa ndi ndege yosakonzedwa bwino. Malamulo a kakonzedwe ka ndege, maphunziro a oyendetsa ndi maola awo opuma sasiyanitsa kampani yotchipa ndi yodula. Ku Ulaya amayang'anira ndi bungwe loona za chitetezo cha ndege la EASA, ku America ndi bungwe la boma la FAA. Ryanair ndi easyJet zanyamula anthu mamiliyoni mazanamazana popanda ngozi yopha okwera. Chimene chimasiyanitsa chitetezo ndi kukhwima kwa boma limene likuyang'anira kampaniyo. Ngati dzina la kampani ndi lachilendo kwa inu, onani mndandanda umene European Union imatulutsa wa makampani oletsedwa kuuluka m'mayiko ake.

## Njira yoyamba: ndege zotchipa za maulendo afupiafupi

Kachitidwe aka kanatchuka ndi Southwest Airlines, imene inayamba kuuluka mu 1971 pakati pa mizinda itatu ya ku Texas: Dallas, Houston ndi San Antonio. Dziko la America litamasula malonda a ndege mu 1978, kanafalikira. Ku Ulaya kanakula ndi Ryanair ndi easyJet, imene inayamba mu 1995. Ku Asia kuli AirAsia ndi IndiGo ya ku India, imene inayamba mu 2006. Mu Africa, FlySafair ya ku South Africa ndi Jambojet ya ku Kenya zonse zinayamba kunyamula anthu mu 2014.

Mtengo. Kutchipa kwa ndegezi kuli ndi magwero ake omveka. Kampani imagula ndege za mtundu umodzi, monga Southwest imene imayendetsa Boeing 737 yokha, kapena easyJet ndi Wizz Air zimene zimayendetsa ndege za banja la Airbus A320. Motero amakaniko, zitsulo zosinthira ndi maphunziro a oyendetsa zimakhala zofanana. Mipando imachulukitsidwa: Boeing 737-800 ya Ryanair imanyamula anthu 189, pamene ndege yomweyo ku kampani yokhala ndi mipando yapamwamba kutsogolo imanyamula anthu 160 kapena kuposerapo pang'ono. Ndege ikatera, pakangotha mphindi 25 kapena 30 imakhala itanyamukanso, chifukwa ndege yoima pansi siibweretsa ndalama.

Gwero lina ndi limene limakhudza thumba lanu. Chilichonse chimene si mpando chinachotsedwa pa tikiti ndipo chimagulitsidwa pachokha. Kwa makampani ambiri a mtunduwu, chaulere ndi kachikwama kolowa pansi pa mpando wakutsogolo kwanu. Sutikesi yaing'ono yoika pamwamba pa mutu imalipiridwa, sutikesi yaikulu yolowa pansi pa ndege imalipiridwa, kusankha mpando, madzi akumwa, kusintha tsiku, zonse zili ndi mtengo wake. Ndipo malipirowa amawerengedwa pa munthu aliyense, popita ndi pobwerera. Munthu mmodzi wa kachikwama kumsana sawamva. Banja la anthu anayi, aliyense ndi sutikesi yake, limalipira katundu kasanu ndi katatu pa ulendo wopita ndi kubwera. Apa m'pamene chikomekome cha nkhuyu chimaonetsa nyerere zake.

Palinso zindapusa za woiwala. Ku Ryanair, kufika pa bwalo musanachite check-in (kutsimikiza ulendo n'kutenga chiphaso chokwerera) pa intaneti kumadya mayuro 55 pa munthu. Chikwama chikapezeka chachikulu pa khomo lokwerera, amalipiritsa ndalama zambiri kuposa zimene mukanalipira pogula tikiti. Sindikuona cholakwika ndi malamulowa, popeza amalembedwa poyera, koma amafuna munthu wowerenga mpaka pansi.

Kupezeka. Ndegezi zimachuluka pa njira za maola osapitirira anayi kapena asanu, makamaka ku Ulaya, ku India, kum'mwera chakum'mawa kwa Asia ndi ku America. Mu Africa n'zochepa, ndipo zambiri zimayenda m'kati mwa dziko limodzi kapena kupita ku mayiko oyandikana nawo. Misonkho ya pa mabwalo ndi yokwera, ndipo mayiko ambiri sanatsegulebe mlengalenga mwawo mokwanira, ngakhale African Union inakhazikitsa msika umodzi wa maulendo a ndege mu Januwale 2018.

Yang'anitsitsani dzina la bwalo. Tikiti yolembedwa Paris ikhoza kukutulani ku Beauvais, pafupifupi makilomita 85 kuchokera mu mzindawo. Frankfurt-Hahn ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Frankfurt. Matikiti otchipitsitsa nthawi zambiri ndi a ndege yonyamuka m'bandakucha kapena yotera usiku kwambiri, mabasi ndi sitima zitasiya kuyenda. Takisi ya usiku kapena hotela yogona pafupi ndi bwalo ikhoza kumeza phindu lonse.

Chisamaliro. Kuchoka pa mpando wanu kufika pa wakutsogolo pamakhala masentimita 71 mpaka 76. Mipando yambiri siipendekera kumbuyo, palibe kanema, ndipo chakudya chimagulitsidwa. Munthu wa msinkhu wapakati, pa ulendo wa ola limodzi kapena awiri, sangadandaule kwenikweni. Munthu wamtali, mayi woyembekezera kapena wodwala msana amamva kusiyanako mu ola loyamba. Ntchito yambiri ndi yanu: check-in pa foni, kuyeza chikwama kunyumba, kuonetsetsa kuti foni ili ndi moto chifukwa chiphaso chokwerera chili mommo. Mukapanda kulipirira mipando, akuluakulu oyendera limodzi akhoza kumwazikana m'ndege.

Chiopsezo. Apa ndikhalitsapo, chifukwa m'pamene pagona nkhani. Makampani ambiri otchipa amagulitsa ulendo umodzi pawokha. Mukagula matikiti awiri kuti mulumikize ulendo nokha, kampani imaona anthu awiri osadziwana. Ndege yoyamba ikachedwa n'kukuphonyetsani yachiwiri, tikiti yachiwiriyo yapita, ndipo yatsopano mugula pa mtengo wa tsiku lomwelo, umene umakhala wokwera kwambiri. Kuwonjezera apo, pa bwalo losinthira muyenera kutenga katundu wanu n'kukamulembetsanso, zimene zikutanthauza kudutsa kwa a zolowa ndi zotuluka m'dziko. Ngati pasipoti yanu imafuna viza ya dziko limenelo, akhoza kukukanizani kukwera ngakhale ndege yoyambayo. Mawebusaiti ena amalumikiza matikiti otere n'kuwaonetsa ngati ulendo umodzi. Mawu oti self-transfer akaoneka, dziwani kuti mtolo wonse uli pamutu panu.

Ndege ikalephereka, kampani yotchipa kawirikawiri ilibe inzake yogwirizana nayo yoti ikutumizeniko mwachangu. Ngati njirayo imayendedwa kawiri pa mlungu, mukhoza kudikira masiku atatu. Komabe malamulo oteteza okwera sasankha. Lamulo la European Union nambala 261 la 2004 lakhala likupereka chipukutamisozi cha mayuro 250, 400 kapena 600, malinga ndi kutalika kwa ulendo, munthu akafika mochedwa maola atatu kapena kuposerapo chifukwa cha vuto la kampani. Limagwira ntchito pa ndege iliyonse yonyamuka m'mayiko a mgwirizanowu, komanso pa ndege za makampani a kumeneko zolowa m'mayikowo. Nyengo yoipa siilowa m'gulu la zolipiridwa. Ndalamazi sizitengera mtengo wa tikiti, choncho wokwera yotchipa akhoza kulandira zoposa zimene analipira, koma ayenera kuzilondola yekha, ndipo zimafika ukwati kapena mayeso amene ankathamangira atadutsa kale.

## Njira yachiwiri: makampani akuluakulu opereka zonse

Awa ndi monga Ethiopian Airlines, Kenya Airways, Emirates, Qatar Airways, Turkish Airlines, Lufthansa, KLM ndi Singapore Airlines.

Mtengo. Nambala yoyamba imakhala yaikulu, koma pa maulendo ataliatali imakhala itaphatikiza chikwama cha m'manja cha makilogalamu 7 kapena 8, sutikesi ya makilogalamu 23, chakudya ndi zakumwa. Pa njira zambiri zolowa ndi kutuluka mu Africa, makampani ena amalola masutikesi awiri a makilogalamu 23 iliyonse. Kwa wophunzira amene akusamuka, kapena wobwerera kwawo atanyamula mphatso za abale, makilogalamu 46 amenewa ndi ndalama zenizeni. Zofooka zake ziliponso. Tikiti yongopita osabwerera imadula mosagwirizana ndi mtunda. Ndipo pali lamulo limene limapweteka osalidziwa: mukapanda kukwera gawo limodzi la ulendo, magawo onse otsala, kuphatikizapo obwerera, kawirikawiri amafufutidwa.

Kupezeka. Mphamvu ya makampaniwa ili pa mabwalo awo osinthira monga Addis Ababa, Nairobi, Dubai, Doha, Istanbul, Frankfurt ndi Amsterdam. Kudzera pamenepo, mizinda iwiri yaing'ono imene palibe ndege yoilumikiza mwachindunji imalumikizika ndi tikiti imodzi. Migwirizano itatu imakulitsanso ukonde umenewu: Star Alliance ya mu 1997, imene Ethiopian Airlines inalowamo mu 2011, oneworld ya mu 1999, mmene muli British Airways ndi Qatar Airways, ndi SkyTeam ya mu 2000, mmene muli Kenya Airways ndi KLM. Mtengo wa ubwino umenewu ndi nthawi. Nthawi zina mumauluka kutali ndi kumene mukupita kuti mukasinthe ndege, n'kukhala pa benchi maola asanu ndi limodzi pakati pa usiku.

Chisamaliro. Mpata wa miyendo umakhala masentimita 79 mpaka 81 pa ndege zambiri zopita kutali, mpando umapendekera, pali kanema, bulangete ndi chakudya chotentha. Wodwala shuga kapena wosadya zakudya zina akhoza kuitanitsa chakudya chapadera kudakali tsiku limodzi kapena awiri. Khanda likhoza kupatsidwa kabedi kokoleka pakhoma mukapempha msanga. Katundu mumamusiya pa bwalo loyamba n'kukamutenga pa lomaliza. Wokalamba wofuna njinga ya olumala amamulembera kamodzi ulendo wonse.

Koma musakhulupirire zithunzi za otsatsa malonda, zimene nthawi zambiri zimaonetsa mipando yakutsogolo. Kumbuyo, makampani akuluakulu nawonso apanikiza. Boeing 777 inkakhala ndi mipando isanu ndi inayi pa mzere, koma lero makampani ambiri amaika khumi. Pa maulendo afupiafupi a ku Ulaya, mpando wa kampani yaikulu sumasiyana kwenikweni ndi wa yotchipa, ndipo British Airways inayamba kugulitsa chakudya pa maulendo otere mu 2017. Maganizo anga ndi oti kulipira kawiri pa ulendo wa ola limodzi ndi theka chifukwa cha dzina lokha sikupindula kanthu.

Chiopsezo. Ngati ulendo wonse uli pa tikiti imodzi ndipo ndege yoyamba yakuphonyetsani yachiwiri, kampani imakuikani pa ndege yotsatira popanda kulipira, nthawi zina pa ndege ya kampani inzake, ndipo kawirikawiri imapereka chakudya ndi malo ogona vuto likakhala lake. Ichi ndicho chinthu chenicheni chimene ndalama zowonjezera zija zimagula.

Sikuti zonse zili bwino. Katundu amasochera kwambiri posintha ndege, choncho wodutsa pa bwalo losinthira ali pa chiopsezo kuposa wokwera ndege imodzi yolunjika. Pangano la mayiko la Montreal la mu 1999, lokhudza maulendo a ndege, limaika malire pa ndalama zimene kampani ingalipire, ndipo limapereka masiku 7 odandaulira katundu wowonongeka ndi masiku 21 pa wochedwa kufika. Lembetsani dandaulo musanatuluke m'bwalo, ndipo mankhwala, zikalata ndi zinthu zamtengo wapatali zikhale m'chikwama cha m'manja. Kugwa kwa kampani nako sikuyang'ana kukula. Kumbali ya zotchipa, Monarch inagwa mu 2017, WOW air mu 2019, Mango inasiya kuuluka mu 2021 ndipo Kulula mu 2022. Kumbali ya zikuluzikulu, Jet Airways inaima mu 2019, Alitalia inatseka mu 2021, ndipo South African Airways inalowa mu ndondomeko yoipulumutsa ku ngongole mu Disembala 2019. Mukamagula tikiti ya ulendo wa miyezi yambiri kutsogolo, inshuwalansi ya paulendo kapena khadi limene banki ingakubwezereni ndalama n'zothandiza mbali zonse ziwiri.

## Njira yachitatu: zapakatikati

Malire a magulu awiriwa afufutika kwambiri, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amapunthwa. Makampani akuluakulu anayamba kugulitsa matikiti otsika mtengo ochotsedwa zinthu zina, olembedwa Light, Basic kapena Saver. Mbali inayo, makampani ena otchipa anawonjezera zabwino: JetBlue ili ndi mpata wochuluka wa miyendo ndi intaneti yaulere, ndipo flydubai ili ndi mipando yapamwamba komanso imagulitsa maulendo molumikizana ndi Emirates kuyambira 2017. Southwest yomwe, imene kwa zaka zambiri inkanyamula masutikesi awiri ulere, inayamba kulipiritsa mu 2025.

Mtengo. Tikiti ya Light imafuna kufanana ndi yotchipa poyamba. Mukawonjezera sutikesi ndi mpando, kawirikawiri imayandikira tikiti yotsatira pamwamba pake, imene ili kale ndi zonsezo komanso imalola kusintha tsiku. Yerekezani ziwirizo musanadine.

Kupezeka. Imapezeka paliponse pamene kampani yaikulu ikupikisana ndi yotchipa, komanso pa njira zambiri zodutsa nyanja ya Atlantic.

Chisamaliro. Ndege, mpando ndi chakudya cha pa ulendo wautali n'zofanana ndi za anzanu amene alipira zambiri. Chosiyana n'choti mpando amakusankhirani, mwina wapakati, ndipo mumakwera pomalizira.

Chiopsezo. Lonjezo lokufikitsani likadalipo ngati ulendo uli pa tikiti imodzi, ndipo n'chifukwa chake ndimaiona njira imeneyi kukhala yabwino kwa woyenda wopanda katundu wambiri amene ayenera kusintha ndege. Vuto lake ndi kuuma: matikiti ambiri otere sabwezedwa ndalama ndipo ena salola kusintha tsiku n'komwe. Winanso amaganiza kuti dzina lalikulu likutanthauza sutikesi yaulere, n'kukazindikira ali kale pa kauntala.

## Njira yachinayi: zotchipa za maulendo ataliatali

Mbiri ya njirayi ndi ya kugwa ndi kudzuka. Skytrain ya Freddie Laker, wamalonda wa ku Britain, inayamba kuuluka pakati pa London ndi New York mu 1977 n'kugwa mu 1982. Norwegian inasiya maulendo ataliatali mu 2021. Zilipobe monga Scoot ya Singapore Airlines, AirAsia X, Zipair ya ku Japan ndi Norse Atlantic.

Pa mtengo, phindu limaoneka kwa wongopita osabwerera msanga ndi wopanda sutikesi. Mukagula chakudya kawiri, katundu ndi mpando, kusiyana kumachepa. Pa kupezeka, njira zake n'zowerengeka ndipo zina zimayendedwa nyengo ya tchuthi yokha. Pa chisamaliro, maola khumi pa mpando wopanikizika, bulangete ndi madzi zili zogula, si chinthu chopepuka. Kukhala malo amodzi maola opitirira anayi kumawonjezera chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'miyendo, choncho muziimirira n'kuyendayenda. Pa chiopsezo, kampani yokhala ndi ndege zochepa ikawonongekerwa ndi imodzi, yolowa m'malo imachedwa kupezeka.

## Iti ikuyenera ndani

Ngati mukuyenda nokha kapena awiri, ulendo wolunjika wa maola atatu kutsika m'munsi, kachikwama kumsana, ndipo kuchedwa tsiku limodzi sikungakuwonongereni kanthu, kwerani yotchipa ndi mtima umodzi. Chitani check-in nthawi idakalipo, yezani chikwama, ndipo onani kaye mtunda wochoka pa bwalo kukafika mu mzinda.

Banja la ana ang'onoang'ono lisayerekeze mitengo ya pa tsamba loyamba. Pitani ndi matikiti onse awiri mpaka pa tsamba lolipirira, mutaika masutikesi ndi mipando yoyandikana, kenako muone. Pa ulendo waufupi yotchipa ikhoza kupambanabe; pa wautali, kabedi ka khanda ndi katundu wodutsa yekha zimakokera ku kampani yaikulu.

Wosamuka, wophunzira wopita kunja ndi wamalonda wonyamula katundu wolemera ayambe ndi funso la makilogalamu. Kampani yolola masutikesi awiri nthawi zambiri imatuluka yotchipa pomaliza.

Amene akuthamangira tsiku losasunthika, kaya ndi maliro, ukwati, mayeso, kuonana ndi dokotala kapena kuyamba ntchito, agule tikiti imodzi ya ulendo wonse ku kampani imene imayenda njirayo tsiku lililonse, ndipo ngati n'kotheka afike kudakali tsiku limodzi. Chimodzimodzi wokalamba, wodwala, kapena wokwera ndege koyamba amene sadziwa chilankhulo cha pa bwalo losinthira.

Wantchito amene tsiku lake lobwerera limasinthasintha apewe matikiti a Light ndi Basic, agule olola kusintha, ndipo ngati amayenda pafupipafupi akhazikike pa mgwirizano umodzi kuti mapointi amene makampani amapereka kwa okwera pafupipafupi aziunjikana.

Kulumikiza matikiti awiri nokha kusiyireni amene pasipoti yake imamulola kulowa m'dziko losinthiralo, alibe sutikesi yolembetsa, ndipo wasiya mpata wa maola osachepera anayi kapena asanu pakati pa ndege ziwirizo. Ngati chimodzi mwa zitatuzi chikusowa, gulani ulendo wonse pa tikiti imodzi.